Marcel Junod: dotolo yemwe adangobwerekedwa kwa miyezi 6

Pakati pa mwezi wa October 1935, dotolo wa zaka 31 yemwe ankachita maopaleshoni pachipatala cha mumzinda wa Mulhouse, m'dziko la France, adaitanidwa kulamya. Woimbayo adali mnzake wa ku Geneva. Uthenga wake udali wakuti komiti yaikulu ya Red Cross padziko lonse ikusaka dotolo wachinyamata woti apite ku Ethiopia, komwe nkhondo idali itangobuka. Ntchitoyo idali ya miyezi 6 basi. Dotoloyo, Marcel Junod, adali asadagwirepo ntchito m'bungwelo, dziko lomwe ankatumidwalo sankalidziwa, ndipo ngakhale malamulo a nkhondo omwe ankayenera kukawaimira adali achilendo kwa iye. Mkulu wake pachipatalapo adamulimbikitsa kuti apite. Junod adavomera, podziwa kuti miyeziyo ikatha adzabwerera kwa odwala ake. Ku ntchito ya ku Mulhouse sadabwererenso.

Junod adabadwa pa 14 May 1904 ku Neuchâtel, m'dziko la Switzerland. Bambo ake adali m'busa ndipo adatumikira pakati pa anthu osauka, poyamba m'midzi ya anthu okumba migodi ku Belgium, kenako ku La Chaux-de-Fonds, tauni yotchuka ndi kupanga mawotchi. Adamwalira mu 1919, Marcel akadali pasukulu. Mayi ake adasamuka ndi ana kupita kwawo ku Geneva, komwe adatsegula nyumba yogona alendo kuti banja lizipeza chakudya. Ndalama zophunzirira udotolo zikadavuta pakadapanda m'bale wa bambo ake, Henri-Alexandre Junod, mmishonale yemwe adakhala zaka zambiri pakati pa Atsonga kum'mwera kwa Mozambique ndi ku South Africa ndipo adalemba buku lodziwika la miyambo yawo. Ndi thandizo lake Marcel adaphunzira ku Geneva ndi ku Strasbourg mpaka kulandira digiri ya udotolo mu 1929.

Bungwe lomwe lidamulemba ntchito, lomwe lero limadziwika ndi chidule chakuti ICRC, ndi losiyana ndi mabungwe a Red Cross a m'dziko lililonse omwe anthu amawaona nthawi ya kusefukira kwa madzi kapena njala. Ili ndi kholo lawo, lokhazikitsidwa ku Geneva mu 1863, ndipo ntchito yake yaikulu ndi ya pankhondo. Mamembala ake onse ndi nzika za Switzerland, dziko lomwe silitenga mbali pankhondo za anzake. Mu 1935 komitiyi idali yaing'ono kwambiri: anthu owerengeka, ndalama zochepa, ndi dzina lalikulu. Junod atafika kulikulu lake kukalandira malangizo, chachikulu chomwe adapatsidwa adali mapangano awiri a Geneva a mu 1929. Limodzi linkateteza asilikali ovulala ndi odwala pamodzi ndi owasamalira. Linalo linkateteza asilikali ogwidwa ukaidi. Zida zake zonse zidali zimenezo.

Sadapite yekha. Adatsagana ndi Sidney Brown, katswiri wa zamalamulo yemwe adali atakhalitsa m'bungwemo. Adakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Djibouti, kenako ya pamtunda kukwera mapiri mpaka ku Addis Ababa, komwe adafika kumayambiriro kwa November.

Zomwe adapeza zidali zosautsa. Asilikali a Italy, motumidwa ndi Benito Mussolini, adali atalowa m'dzikolo pa 3 October kuchokera ku Eritrea chakumpoto ndi ku Somaliland chakum'mwera. Adali ndi ndege, akasinja ndi mizinga, komanso mkwiyo wa zaka 40 chifukwa cha kugonja kwawo ku Adwa mu 1896. Asilikali a mfumu Haile Selassie adali ambiri ndi olimba mtima, koma ochuluka ankayenda opanda nsapato, ndipo gulu lawo lidalibe nthambi ya zachipatala yoti n'kuitchula. Msilikali akavulala ankadalira abale ake kapena mwayi. Bungwe la Red Cross la Ethiopia lidali litangokhazikitsidwa mu July chaka chomwecho, ndipo lidali dzina chabe kuposa ntchito.

Padalinso vuto lina lomwe lidaipitsa zinthu kuyambira tsiku loyamba. Komiti ya ku Geneva idadzipereka kuthandiza mbali zonse ziwiri, monga mwa mwambo wake, koma Italy idakana ponena kuti ili ndi zonse zofunika. Choncho nthumwi za bungwe losatenga mbali zidapezeka kumbali imodzi yokha ya nkhondo. Kwa akuluakulu a ku Rome, zimenezi zidali zokwanira kuzikayikira.

Awiriwo adagawana ntchito. Brown adatsala ndi zomanga bungwe la Red Cross la m'dzikomo. Junod adatenga zoyang'anira zipatala zoyendayenda zomwe mabungwe a Red Cross a mayiko ena adatumiza: Britain, Sweden, Norway, Finland, Netherlands, Egypt ndi Greece. Chipatala chotere chidali malole angapo, matenti, madotolo ochepa ndi owathandiza, ndipo chinkamangidwa kufupi ndi komwe kukumenyedwa nkhondo. Dotolo yemwe adazolowera mpeni wa opaleshoni adapezeka akulimbana ndi za mafuta a galimoto, nyulu zonyamula katundu, misewu yomwe idali pamapu pokha, ndi akalonga omwe aliyense ankafuna chipatala chikhale pafupi ndi gulu lake. Addis Ababa ndi Dessie, komwe mfumu idaika likulu lake la nkhondo, zidatalikirana makilomita pafupifupi 400, koma pagalimoto udali ulendo wa masiku. N'chifukwa chake adayamba kudalira kandege kakang'ono koyendetsedwa ndi mnyamata wa ku Sweden, Carl Gustaf von Rosen.

Junod adanyamuka ku Geneva ndi chikhulupiriro chimodzi chomwe anzake onse adali nacho: kuti mtanda wofiira pansalu yoyera ndi chishango. Ukauyala waukulu pansi, woyendetsa ndege yankhondo akauona amadutsa. Italy idali itasainira pangano lonena zimenezo.

Chikhulupirirocho sichidathe miyezi iwiri. Pa 6 December ndege za Italy zidaphulitsa Dessie, ndipo mabomba ena adagwera chipatala cha amishonale a ku America chomwe chidali ndi chizindikirocho padenga. Ena adati mwina idali ngozi. Pa 30 December ndege zidaukira chipatala cha anthu a ku Sweden pafupi ndi Dolo, kum'mwera, chomwe chidamangidwa poyera, mitanda yake itayalidwa pansi. Anthu 28 adafa, odwala ndi ogwira ntchito, ndipo ena pafupifupi 50 adavulala, kuphatikizapo mkulu wa chipatalacho, Dr Fride Hylander. Junod adatumidwa kukafufuza. Adaona matenti ong'ambika ndi maenje a mabomba pakati penipeni pa msasawo. A ku Italy adayankha kuti ankabwezera imfa ya woyendetsa ndege wawo, Tito Minniti, yemwe adaphedwa atagwidwa, ndiponso kuti asilikali a Ethiopia ankabisala kuseri kwa mtanda wofiira. Chilichonse chomwe chidali choona m'madandaulo amenewa, anthu ogona pamachira sindiwo adapha Minniti.

Kuchokera pamenepo madotolo a m'zipatalazo adagwira njakata. Akayala mtanda, ankakhala ngati akuitana ndege. Akaubisa, ankataya chitetezo chokhacho chomwe lamulo lidawapatsa. Ena adasankha kubisa matenti awo pansi pa mitengo ndi m'mapanga. Kumayambiriro kwa March 1936 chipatala cha anthu a ku Britain, chotsogozedwa ndi Dr John Melly, chidaphulitsidwa pachigwa cha Korem, kumpoto, mtanda wake waukulu uli poonekera.

Ku Korem komweko ndiko Junod adakumana ndi chomwe chidamutsata moyo wake wonse. Adaterako ndi von Rosen m'mwezi womwewo, ndipo ndege yawo, yomwe idali ndi chizindikiro cha Red Cross, idaphulitsidwa ili pansi. Poyesa kuifikira adamva fungo lachilendo loswa mphuno, ndipo maso adayamba kumuwawa. Udali mpweya wa poizoni wotchedwa mustard gas, womwe mayiko adauletsa m'pangano lina la ku Geneva mu 1925, Italy ili m'gulu la osainira. Poizoniyu amagwa ngati mame n'kukakamira paudzu, pamiyala ndi m'madzi kwa masiku. Munthu akamukhudza samva kanthu nthawi yomweyo. Patapita maola angapo khungu limatukusira matuza ngati lapsa ndi madzi otentha, maso amatupa mpaka kutsekeka, ndipo akamupuma amawotcha mapapo. Kwa msilikali woyenda wopanda nsapato, wofunda nsalu ya thonje yokha, padalibe pothawira. Pokwera phiri kulunjika kuphanga komwe mfumu inkakhala, Junod adamva kubuula kochokera mbali zonse. Pansi pa mitengo padagona anthu miyandamiyanda, mapazi ndi miyendo zili zilonda zokhazokha, akuitana mfumu yawo kuti iwachitire chifundo. Padalibe dotolo wowasamalira, padalibe mankhwala. Iye mwini, dotolo wodziwa ntchito yake, adangodutsa pakati pawo chimanjamanja.

Zonsezi adazilemba m'malipoti ake opita ku Geneva. Apa mpomwe nkhani yake imasiya kukhala ya munthu wolimba mtima chabe n'kukhala ya wantchito yemwe ali ndi mabwana. Mu April 1936 bungwe la League of Nations, kholo la United Nations ya lero, lidapempha komiti ya Red Cross kuti ipereke umboni womwe nthumwi zake zidasonkhanitsa pa za poizoniyu. Komitiyo, motsogozedwa ndi Max Huber, idakana. Idati ikatero idzaoneka yotenga mbali, ndipo zitseko zidzaitsekekera pankhondo zamtsogolo. Mfundoyi si yopanda pake. Bungweli limafika kwa akaidi chifukwa maboma amadziwa kuti silikaulula zomwe laona. Koma n'zovuta kuiwala kuti masabata ochepa m'mbuyomo atsogoleri a komitiyo adali ku Rome komwe adalandiridwa ndi Mussolini, ndiponso kuti mmodzi mwa mamembala ake, Giuseppe Motta, adali nduna yoona zakunja ya Switzerland, dziko lomwe silinkafuna kukhumudwitsa mnansi wake wamphamvu. Anthu a ku Korem sadapindule kanthu ndi kukhala chete kumeneko. Brown, yemwe sankabisa mkwiyo wake pa zochita za Italy, adaitanidwa kubwerera kwawo ndipo ntchito yake m'bungwemo idathera pomwepo. Junod adasunga pakamwa monga momwe ntchito inkafunira, ndipo adatsala.

Mfumu itagonja ku Maychew pa 31 March, nkhondo idali itatha ngakhale kuti mfuti zinkalirabe. Haile Selassie adachoka mu Addis Ababa pa 2 May, ndipo kwa masiku atatu mzindawo udalibe mwini: masitolo adathyoledwa, nyumba zidatenthedwa, anthu ankaomberana m'misewu. Dr Melly, yemwe adapulumuka mabomba ku Korem, adaomberedwa m'chipwirikiticho akutola ovulala, ndipo adamwalira. Asilikali a Italy adalowa pa 5 May. Junod adaona zonsezi, kenako adabwerera ku Ulaya.

Sadapume nthawi yaitali. Mu July 1936 nkhondo yapachiweniweni idabuka ku Spain, ndipo komiti idamupempha kuti apiteko kwa masabata atatu. Adakhalako zaka pafupifupi zitatu, mpaka kukhala mtsogoleri wa nthumwi zonse za bungwelo m'dzikomo. Kumeneko ngakhale mapepala ake aja sadali ndi mphamvu, chifukwa mapangano a 1929 ankanena za nkhondo ya pakati pa mayiko, osati ya pachibale. Mbali zonse ziwiri zinkagwira anthu wamba ngati chikole ndi kuwapha pobwezera. Junod adayamba kuyenda uku ndi uku ndi mndandanda wa mayina m'thumba, kunyengerera mbali iyi kuti imasule munthu ngati inayo imasula wake. Kawirikawiri mbali imodzi inkasunga lonjezo, inayo n'kuzemba, ndipo wonamizidwa ankaloza chala iye. Komabe anthu ankatuluka. Mmodzi mwa opulumuka motere adali mlembi Arthur Koestler, yemwe ankadikira kuphedwa m'ndende ya asilikali a Franco ndipo adasinthanitsidwa mu 1937 ndi mkazi wa woyendetsa ndege wina wa mbali imeneyo. Nthumwizo zidakhazikitsanso njira yoti mabanja olekanitsidwa ndi nkhondo azilemberana timakalata ta mawu osapitirira 25. Pofika kumapeto kwa nkhondoyo timakalata pafupifupi 5 miliyoni tidali titadutsa. Mzinda wa Barcelona utatsala pang'ono kugwa mu 1939, adathandiza kuti akaidi pafupifupi 5,000 asaphedwe m'chipwirikiti cha omwe ankathawa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu September 1939 adatumizidwa ku Berlin, ndipo kwa kanthawi adali nthumwi yokhayo ya bungwelo m'dziko la Germany. Ankayendera misasa ya asilikali ogwidwa, kuwerenga mabulangete, kulawa chakudya, kulankhula ndi akaidi popanda mlonda. Mu June 1940 akuluakulu a Germany adaopseza kuti apha akaidi a ku France chifukwa cha mphekesera yakuti asilikali awo ogwidwa akuphedwa. Junod adayenda mpaka kukawapeza asilikaliwo ali moyo, ndipo chiopsezocho chidatha. Njala itavuta ku Greece mu 1941 adathandiza kukonza zoti sitima ya ku Turkey yotchedwa Kurtuluş izinyamula chakudya kuchokera ku Istanbul kupita ku Piraeus. Koma malire a ntchito yake adali pomwe pangano lidalekezera. Asilikali ogwidwa adali ndi lamulo lowateteza. Anthu wamba, kuphatikizapo Ayuda mamiliyoni omwe ankatengedwa kupita kumisasa yophera anthu, adalibe. Mu October 1942 komiti idakambirana zodzudzula poyera nkhanza zochitikira anthu wamba, ndipo idasankhanso kukhala chete, chinthu chomwe bungwelo lidadzavomereza pambuyo pake kuti kudali kulephera kwakukulu. Pangano loteteza anthu wamba pankhondo lidadzabwera mu 1949.

Atatopa, Junod adachoka m'bungwemo mu 1943 n'kukagwira ntchito yaudotolo kwawo, koma patangotha chaka adabwereranso. Mu December 1944 adakwatira Eugénie Perret, ndipo mu June 1945, mkaziyo ali woyembekezera, adatumidwa ku Japan kukayang'anira za akaidi a nkhondo. Ulendowo udatenga miyezi iwiri, kudzera ku Cairo, Tehran, Moscow, ndi pasitima kudutsa Siberia mpaka ku Manchuria. Kumeneko adaloledwa kuona kwa mphindi zochepa akuluakulu a asilikali omwe Japan idawagwira, Jonathan Wainwright wa ku America ndi Arthur Percival wa ku Britain. Adatera ku Tokyo pa 9 August 1945, tsiku lomwe bomba la atomu lidagwa pa Nagasaki, patatha masiku atatu lina litagwa pa Hiroshima.

Mu Tokyo munkangomveka manong'onong'o. Chithunzi chenicheni chidabwera kumapeto kwa mweziwo, pomwe nthumwi inzake, Fritz Bilfinger, idafika ku Hiroshima n'kutumiza telegalamu. Idafotokoza kuti gawo lalikulu la mzindawo lafafanizika, zipatala zagwa kapena kuwonongeka, ovulala oposa 100,000 ali m'malo ongoyembekezera opanda mabandeji ndi mankhwala, ndipo anthu omwe amaoneka ngati akuchira akumwalira mwadzidzidzi ndi matenda a m'magazi omwe madotolo sakuwamvetsa. Junod adatenga telegalamuyo pamodzi ndi zithunzi kupita nazo kulikulu la Douglas MacArthur, mkulu wa asilikali a America omwe adali atangolowa m'dzikomo. Ankapempha omwe adaponya bombalo kuti athandize omwe lidawagwera. Patatha masiku angapo adalonjezedwa matani 15 a mankhwala ndi zipangizo.

Pa 8 September adanyamuka ndi katunduyo pandege za asilikali, pamodzi ndi gulu la ofufuza a ku America ndi Pulofesa Masao Tsuzuki wa ku yunivesite ya Tokyo. Adakhala dotolo woyamba wochokera kunja kufika mumzindawo bomba litagwa. Mwa madotolo pafupifupi 300 a mu Hiroshima, 270 adali atafa kapena kuvulala. Mwa anamwino 1,780, omwe adafa kapena kuvulala adali 1,654. Odwala ankagona pamphasa m'masukulu opanda madenga, ntchentche zili ng'waa pazilonda. Adakhalako masiku asanu, kuyendera zipatala, kuonetsetsa kuti mankhwala afika kwa oyenera, ndipo pena kuvula jekete n'kusamalira odwala ndi manja ake. Matani 15 sakadakwanira mzinda wonse, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Koma kwa ambiri amenewa adali mankhwala oyamba kuwaona patatha mwezi wathunthu.

Mwana wake adabadwa mu October, iye akadali ku Tokyo. Adabwerera kwawo mu April 1946 ndipo chaka chotsatira adatulutsa buku la zomwe adaona, lotchedwa Le Troisième Combattant, kutanthauza womenya nkhondo wachitatu, yemwe amaima pakati pa awiri omenyanawo. Mu 1948 adayambanso ntchito ina yachilendo, kuimira bungwe la UNICEF ku China, koma matenda adamubweza mu 1949. Matendawo adamusiya wosatha kuimirira nthawi yaitali, zomwe zidatseka khomo lobwerera ku maopaleshoni. Ali ndi zaka za m'ma 40 adabwerera m'kalasi, ku Paris ndi ku London, kukaphunzira luso logoneka odwala pa opaleshoni, ntchito yomwe munthu angathe kuigwira atakhala pampando. Adakhazikitsa nthambi ya lusoli pachipatala chachikulu cha Geneva ndipo adaliphunzitsa payunivesite ya mumzindawo. Mu 1952 adasankhidwa kukhala membala wa komiti yomwe idamulemba ntchito ija, ndipo mu 1959 adakhala wachiwiri kwa pulezidenti wake.

Pa 16 June 1961 mtima wake udaima ali m'chipinda cha opaleshoni ku Geneva, akuyang'anira wodwala yemwe adamugoneka. Adali ndi zaka 57. Pa 8 September 1979 anthu a ku Hiroshima adamumangira chipilala m'paki ya mtendere ya mumzindawo, ndipo madotolo akumeneko amasonkhana pamalopo mwezi wa June chaka ndi chaka.